Mtengo wa pabwalo la predio ndi wa eni nyumba onse

Mu 1976 boma linatenga nyumba zalendi, ndipo bungwe la APIE ndi lomwe linkaziyang'anira. Kuyambira mu 1991 lamulo linalola anthu okhalamo kugula nyumbazo. Lero ku Tete, ku Beira ndi ku Maputo mabanja ambiri ali ndi nyumba zawozawo m'nyumba zosanja, zomwe timati mapredio. Koma ena amaganizabe kuti boma ndi lomwe lidzasamala pabwalo. Mtengo wa mango ukayamba kuwola, aliyense amadikira mnzake.

Kodi lamulo likuti chiyani? Buku la malamulo la Código Civil limatcha umwini wotere kuti propriedade horizontal. Nyumba yanu ndi yanu nokha. Koma ndime 1421 imati maziko, denga ndi masitepe ndi za eni nyumba onse. Bwalo ndi dimba la predio nazonso zimatengedwa kuti ndi za onse, pokhapokha chikalata cha predio chitanena zina. Choncho mtengo wa pabwalopo ndi wa onse.

Ndime 1424 imati ndalama zosamalira zinthu za onse amapereka ndi eni nyumba, aliyense molingana ndi mtengo wa nyumba yake monga walembedwera m'chikalata cha predio. Wokhala pamwamba angafunse kuti, ine mizu ikundikhudza pati? Mizu ikang'amba maziko kapena mapaipi a madzi, predio yonse imavutika. Ine ndikuona kuti n'kulakwa kusiyira bilu banja la pansi chifukwa choti nthambi zili pawindo lawo.

Komanso munthu mmodzi asatenge nkhwangwa payekha. Mtengo umapereka mthunzi, ndipo amene adziwa kutentha kwa ku Tete sangaupeputse. Mwina kusadza nthambi n'kokwanira. Nkhaniyi ipite kumsonkhano wa eni nyumba, ndipo woyang'anira predio, administrador, achite zomwe agwirizana. Ngati ngozi ili pafupi ndipo iye palibe, ndime 1427 imalola mwini nyumba aliyense kuyambitsa ntchito yofunika mwachangu.

Mukaona thunthu lang'aluka kapena mtengo wapendekeka, chitani izi. Lembani kalata yaifupi kwa administrador, muikepo tsiku, ndipo musunge kope. Ngati ndinu walendi, uzani mwini nyumba. Funsani ku Conselho Municipal za chilolezo musanadule. Nthambi zikafika pamawaya a magetsi, itanani a EDM, musakwere nokha. Zomwe mwagwirizana zilembedwe m'buku la msonkhano, ndipo aliyense asaine.

Mu Marichi 2019 namondwe Idai anagwetsa mitengo yambiri ku Beira. Mphepo siidikira kuti eni nyumba amalize kukangana. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Itanani msonkhano mvula isanayambe, mugawane ndalama, ndipo pamene mwadula mtengo mubzalepo wina kutali ndi khoma.