Mpunga wa ku Limphasa sungafafanize dzina la Orton

Mukafuna kuyambitsa mkangano pabawo kapena pasiwa kuno ku Nkhata Bay, ingotchulani dzina la Kamuzu. Wina akuuzani kuti nthawi ya Ngwazi akuba adali kuopa, ana adali ndi mwambo ndipo kwacha idali ndi mphamvu. Mnzake angopukusa mutu n'kuyamba kutchula abale amene adatengedwa usiku osabwereranso.

Dr Hastings Kamuzu Banda adamwalira pa 25 November 1997 kuchipatala cha Garden City ku Johannesburg, ndipo adaikidwa m'manda ku Lilongwe pa 3 December. Maliro adatha, koma mkangano wa mbiri yake sudathe. Boma la Bakili Muluzi lidachotsa dzina lake pabwalo la ndege, pachipatala ndi pabwalo la masewero. Bingu wa Mutharika adalibwezera, ndipo mu 2006 adatsegula chiliza chake chachikulu ku Lilongwe. Lero nkhope yake ili pa K1,000 imene timagulira mchere, ndipo pa 14 May timapuma pomukumbukira.

Si ife tokha amene tili pa mkangano wotere. Boris Yeltsin, amene adatsogolera Russia chikomyunizimu chitagwa, atamwalira mu 2007 ena adamulira kuti adabweretsa ufulu, pomwe ena adamutukwana kuti adawasiya pa umphawi. Kugwa kwa chikomyunizimu komweko kudakhudzanso Kamuzu. Maiko a azungu amene ankamusekerera chifukwa chodana ndi chikomyunizimu sadaonenso chifukwa chomutetezera, ndipo mu May 1992 adaimitsa thandizo lachitukuko. Apa n'kuti mabishopu a Katolika atatulutsa kale kalata yawo yodzudzula boma mu March.

Tiyambe ndi zabwino, pakuti zilipo. Sikimu ya mpunga ya Limphasa ndi imodzi mwa masikimu a ulimi wothirira amene boma la Kamuzu lidakhazikitsa, pamodzi ndi Hara, Wovwe ndi Lufira ku Karonga, Bua ku Nkhotakota komanso Likangala ku Zomba. Mabanja ambiri aphunzitsa ana ndi kufolera nyumba zamalata ndi ndalama ya mpunga wa m'dambo limeneli. Mlimi wa ku Limphasa akamati Kamuzu adaganizira alimi, sakunama.

Koma boma lomweli la Nkhata Bay lili ndi mabala amene maboma ena sangawamvetse msanga. Pa 3 March 1959, tsiku limene atsamunda adamanga Kamuzu, anthu osachepera 20 adawomberedwa padoko la Nkhata Bay pomwe ankafuna kuti anzawo amene adatsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Kamuzu ali m'ndende ku Gweru, amene adayambitsa Malawi Congress Party adali mwana wa kuno, loya Orton Chirwa. Kamuzu atatuluka mu 1960, Orton adamupatsa mpando.

Malipiro ake adali otani? Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, Orton adathawa m'dziko, monganso Kanyama Chiume wa ku Usisya. Mu December 1981 Orton ndi mkazi wake Vera adagwidwa cha kumalire a Zambia. Adazengedwa mlandu woukira boma kukhoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo mu 1983 adagamulidwa kuti anyongedwe. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adafera m'ndende ya Zomba pa 20 October 1992. Vera adatuluka mu January 1993.

Ngakhale Aleke Banda wa ku Tukombo, amene adatumikira Kamuzu kuyambira ali mnyamata, adakhala m'ndende kuchokera 1980 mpaka 1992 osazengedwa mlandu. Onjezerani aphunzitsi a kumpoto amene adathamangitsidwa m'zigawo zina mu 1989, ndi amayi amene ankabwezedwa pachipata cha msika chifukwa chosowa khadi lachipani. N'zosadabwitsa kuti pa riferendamu ya pa 14 June 1993 anthu oposa 8 mwa 10 alionse amene adavota kumpoto adasankha zipani zambiri.

Maganizo anga ndi akuti tileke kuika zinthu ziwirizi pasikelo ngati tikugula mpunga pa Admarc. Matumba angati a Faya angakwane pa moyo wa munthu mmodzi? Ngalande za ku Limphasa zidakumbidwa ndi manja a anthu, ndipo boma likamanga msewu kapena chipatala limakhala likugwira ntchito imene msonkho wathu umalipira. Tiyamike, inde, koma chitukuko si chiphaso chomangira munthu wosalakwa. Akuluakulu adati mlandu suwola.

Ena amati zakale n'zakale, munthu wakufa sanenedwa. Komatu mwini wake sadakane kuti anthu adazunzika. Khoti litamupeza wosalakwa mu December 1995 pa imfa ya Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene adaphedwa ku Mwanza mu 1983, Kamuzu adapepesa mtundu wa Amalawi mu January 1996, ngakhale kuti mlanduwo adaukankhira kwa anthu amene ankachita nkhanza m'dzina lake. Nanga ife ndife yani kuti tizinena kuti padalibe chopepesa?

Ngongole ina ili ndi maboma amene adabwera pambuyo pake. Bungwe la National Compensation Tribunal, limene lidakhazikitsidwa kuti lipereke chipukutamisozi kwa ozunzidwa, lidatsekedwa anthu zikwizikwi asadalandire zawo, ndipo ofesi ya Ombudsman idadzudzula zimenezi mu 2017. Ndalama ya chiliza idapezeka. Ambiri mwa odikirawo adatsikira kulichete ali ndi mapepala awo m'chikwama.

Amalawi ambiri lero tidabadwa ulamuliro wa Kamuzu utatha. Zimene tikudziwa n'zimene timamva kwa inu makolo ndi agogo. Mukatiuza za mtendere wokha, tsiku lina wandale adzatilonjeza feteleza wotchipa posinthana ndi pakamwa pathu, ndipo tidzavomera chifukwa sitidzadziwa mtengo wake. Mukatiuza za ndende zokha, tidzanyoza ngakhale ngalande zimene zikutidyetsa.

Choncho pa 14 May, mwana akafunsa chifukwa chimene sadapitire kusukulu, muuzeni za sikimu, za Capital Hill ndi za Kamuzu Academy. Akamaliza kumva zimenezo, muuzeninso amene adayambitsa chipani cha tambala wakuda, kwawo kumene adachokera, ndi kumene adafera.