Ophunzira alowe m'chipinda chokonzera mabuku

Chaka ndi chaka mayunivesite athu amatulutsa achinyamata a madigiri a zilankhulo, mbiri yakale ndi utolankhani. Awerenga mabuku zaka 4 zathunthu, koma muwafunse njira imene buku limadutsa kuchoka m'manja mwa mlembi kufika pa shelufu, ambiri angokuyang'anani kukamwa kuli yasa. Kenako tomwefe timadandaula kuti mabuku athu adzaza zolakwika, kuti akonzi odziwa ntchito akusowa. Achokera kuti akonziwo ngati sitikuwaphunzitsa?

Poyambira palipo kale. Ku Zomba kuli nthambi yosindikiza mabuku ya Kachere Series, imene inayamba m'zaka za m'ma 1990 pansi pa dipatimenti ya maphunziro a zipembedzo ku Chancellor College, mwa khama la anthu monga Klaus Fiedler ndi Kenneth Ross. Ku Mzuzu kuli Mzuni Press. Mabuku awo amafika mpaka kunja kudzera ku African Books Collective ya ku Oxford. Onani kuti anatsogola ndi a zipembedzo, chikhalirecho ntchito imeneyi inayenera kukhala ya a zilankhulo ndi zolembalemba kuposa wina aliyense. Ngakhale amishoni anatiposa nzeru: ku Overtoun Institution ya Robert Laws, imene inatsegulidwa ku Livingstonia mu 1894, kusindikiza kunali m'gulu la ntchito zamanja zimene anyamata ankaphunzira.

Ndikufuna kuti nthambi zosindikizazi zikhale kalasi yeniyeni, ya semesita yathunthu, yokhala ndi malikisi. Wophunzira alandire zolemba za mlembi, aziwerenge, abweze mafunso kwa mwini wake, ngakhale mwini wakeyo ali pulofesa. Aphunzire kuuza munthu wamkulu mwaulemu kuti ndime iyi sikumveka. Atsegule malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990 ndi kuona yekha pamene akugwira ndi pamene akumusiya panjira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere kumabwera munthu akawerenga tsamba limodzi kachitatu n'kupezabe chilembo chosowa. Ayale masamba pa kompyuta, akangane ndi wojambula chikuto, akapemphe nambala ya ISBN ku National Archives ku Zomba, awerenge mgwirizano wa mlembi ndi kumvetsa zimene bungwe loona za umwini wa zolemba la COSOMA limateteza. Koposa zonse awerengetsere ndalama. Mapepala ndi inki timagula kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa buku lililonse unagwedezeka. Amene wakhalapo pansi kusankha pakati pa kusindikiza makope ochepa ndi kukweza mtengo amadziwa za chuma cha dziko lino zimene mayeso sangamuphunzitse.

Ena akuti ophunzira aononga mabuku. Bodza limenelo. Ophunzira udokotala amagwira odwala ku Queen Elizabeth Central Hospital, wamkulu ali pambali. Ophunzira uphunzitsi timawapatsa ana athu pa teaching practice. Ndiye buku ndi limene lakhala lopatulika kuposa munthu?

Chimene ndikuopa ine n'china. Tikudziwa mmene atachimenti imayendera m'maofesi ambiri: mwana wa eni amatha miyezi itatu akupanga fotokope ndi kutumidwa kukagula chakudya cha abwana, pamapeto pake n'kupatsidwa kalata yomuyamikira. Yunivesite ikatengera khalidwe limenelo, ophunzira n'kusanduka aganyu aulere, ndibwino osayamba n'komwe. Wogwira ntchito alandire kangachepe, ndipo dzina lake lilembedwe m'buku limene wakonza, kuti pofunsira ntchito akhale ndi chinthu choika patebulo.

Ndipo zoti akonze zilipo zambiri. Kafukufuku wa ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu amangounjikana m'malaibulale, kope limodzi kapena awiri, fumbi lili mbuu. Moto umene unatentha laibulale ya Mzuni mu Disembala 2015 unationetsa mmene kusunga nzeru malo amodzi kulili koopsa. Dipatimenti iliyonse isankhe kafukufuku mmodzi wabwino pachaka, ophunzira amufupikitse, amumasulire m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, buku lituluke la mtengo woti mphunzitsi wa ku pulayimale angathe kugula. Akuluakulu a yunivesite akamakonza bajeti ya chaka chamawa, ndalama ya mapepala ndi malipiro a ophunzirawa ikhale ndi mzere wake, isamadikire zotsala za alawansi ya misonkhano ya kunyanja.