Chenjezo kwa sukulu za kummwera kwa Mzimba: thandizo la zachilengedwe siligulidwa

Aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu, makolo ndi mafumu a ku Jenda, Embangweni, Champhira, Khosolo, Luwerezi, Chikangawa ndi pa boma pa Mzimba, imvani izi ndipo muuzeko anzanu. Munthu akakuimbirani foni kapena kukulemberani pa WhatsApp kuti sukulu yanu yasankhidwa kulandira ndalama zophunzitsira ana zachilengedwe, koma muyambe mwatumiza kangachepe ka fomu, kolembetsera kapena kotsegulira akaunti, musatumize ngakhale tambala imodzi. Ameneyo ndi wakuba.

Kuba kwa pafoni si kwachilendo m'dziko muno, koma pano mpata wa akubawa wakula. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lopita kumaiko ena, ndipo pofika mu Julaye chaka chomwecho bungwe lake la thandizo la USAID linatsekedwa. Ntchito zambiri zosamalira nkhalango zinkadalira ndalama zimenezo. Ndalama ya SIG imene boma limapereka ku sukulu za pulayimale ndi yochepa, ndipo imathera ku choko, mabenchi ndi zimbudzi. Mphunzitsi amene wakhala akulakalaka nazale ya mbande, machubu, makheni othirira ndi galimoto yoti ana akaone nkhalango, akamva mawu oti thandizo mtima umathamanga. Wakuba amadziwa zimenezi. Amadziwanso kuti nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, choncho adzakuuzani kuti nthawi yatha, tumizani lero lomwe.

Chimandipweteka nchakuti zimene akubawa amalonjeza ndi zimene ana athu akusowadi. Nkhalango ya Chikangawa, imene inafika mahekitala 53,000, lero mbali zambiri ndi zitsa ndi mapiri oyera chifukwa cha macheka ndi moto wolusa wa chaka ndi chaka. Perekezi, imene imasunga madzi a mtsinje wa Mzimba omwe anthu a pa boma amamwa, ikutha ndi makala. Mwana wa m'mphepete mwa nkhalangozi amazula bowa, kutola masuku ndi kusenza nkhuni mmenemo, koma phunziro la kukokoloka kwa nthaka amalimvera pa bolodi, atakhala pansi m'kalasi yodzaza. Kumutengera kuphiri la Hora kapena kudamu la Luwawa kuti aone ndi maso ake kumene madzi amachokera ndi chinthu chofunika kwambiri. Nchifukwa chake tisalole kuti anthu osaona nkhope adyere pa njala imeneyi.

Thandizo lenileni lili ndi njira yake. Mabungwe monga Malawi Environmental Endowment Trust ndi thumba la GEF Small Grants Programme, limene limayendetsedwa ndi UNDP, amalengeza poyera. Gulu limalemba lokha pempho lofotokoza ntchito ndi bajeti yake, pempholo limaunikidwa, ndipo likavomerezedwa pamakhala pangano lolembedwa. Ndalama zimalowa mu akaunti ya kubanki ya gulu, yokhala ndi osayinira angapo. Sukulu imene sinapemphe kalikonse singangodzuka itapambana. Ngati kalabu ya zachilengedwe ikufuna kulowa m'bungwe lodziwika ngati Wildlife and Environmental Society of Malawi, pitani nokha ku ofesi yake, ndipo chilichonse chimene mwalipira chikhale ndi lisiti. Nambala ya Airtel Money kapena ya Mpamba yolembetsedwa m'dzina la munthu si ofesi.

Ena sagwiritsa ntchito foni. Amabwera okha, atavala bwino, ndi zikalata za zidindo komanso mbande zingapo m'galimoto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alandireni mwaulemu monga mwa mwambo wathu, koma afunseni satifiketi ya NGORA, bungwe la boma lolembetsa mabungwe omwe si aboma. Afunseni ngati ntchito yawo inadutsa ku komiti ya DEC ya khonsolo ya M'mbelwa, ndiponso ngati makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC a m'dera lanu akuidziwa. Kalata yolowera pa sukulu ichokere ku ofesi ya maphunziro ya Mzimba South kudzera kwa a PEA, alangizi a maphunziro a zoni yanu. Imbirani a PEA pa nambala imene mukuidziwa kale, osati imene mlendoyo wakupatsani. Munthu woona sakwiya ndi mafunso otere.

Ndalama si zokhazo zimene zingabedwe. Musapereke mayina a ana, zithunzi zawo kapena ziphaso za unzika za makolo kwa munthu amene boma silikumudziwa, pakuti zinthu zimenezi angakapemphere nazo ndalama kunja m'dzina la sukulu yanu inu osaonako kanthu. Musasayine pepala lopanda mawu kapena limene komiti yonse sinawerenge, makamaka likakhudza malo a sukulu. Nambala yachinsinsi ya foni kapena ya kubanki musauze munthu aliyense. Ndipo mwana asakwere galimoto kupita kunkhalango popanda chilolezo cha makolo, aphunzitsi ake omuperekeza, mayi mmodzi wa gulu la amayi pamene pali atsikana, ndi alangizi a zankhalango odziwa njira, makamaka nyengo ya mvula pamene mitsinje imadzaza mwadzidzidzi.

Ngati mwatumiza kale ndalama, musabise chifukwa cha manyazi. Sungani uthengawo ndi nambala yake, imbirani kampani ya foni msanga, kanenenu ku polisi ya Mzimba kapena ya Jenda, ndipo dziwitsani a PEA tsiku lomwelo kuti achenjeze sukulu zina za m'zoni foni yomweyo isanalire kumeneko.