Dzanja lofuna kuvula nikabu ndi lomwe lija lidavula thalauzi

Asisi, lero tikambe nkhani yomwe ena mwa inu simuikonda.

Nthawi ndi nthawi, m'magulu a WhatsApp ndi m'maminibasi a kuno ku Mzuzu, pamabuka mawu akuti boma liletse amayi a Chisilamu kuvala nikabu, nsalu ija yophimba nkhope n'kusiya maso okha. Chifukwa chake ati chitetezo. Ati tidziwa bwanji kuti mkatimo muli ndani, nanga akakhala wakuba, nanga zigawenga za ku Mozambique zija. Chotiwawa n'chakuti ena olankhula zimenezi ndi atsikana anzathu, atavala jinzi yawo bwinobwino, kuiwala kuti jinziyo idabwera ndi misozi.

Ife tikukana. Ngati chitetezo chikufuna kuona nkhope, lamulo likhale la nkhope ya aliyense, pamalo odziwika ndi pa chifukwa chodziwika. Likangoloza chovala cha amayi a chipembedzo chimodzi, limenelo ndi tsankho lobisala kumbuyo kwa mlonda.

Tikumbutsane kumene tachokera. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Decency in Dress Act, loletsa mkazi kuvala thalauzi kapena siketi yoonetsa mawondo. Amayi athu adakhala zaka pafupifupi 20 boma likuwayeza zovala. Lamulolo lidachoka itawomba mphepo ya zipani zambiri, koma maganizo ake adatsala m'mitu ya anthu. Mu Januwale 2012 mavenda adayamba kuvula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi kuno ku Mzuzu. Amayi adasonkhana ku Blantyre kutsutsa nkhanzazo, Joyce Banda, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, ali nawo limodzi, ndipo Bingu wa Mutharika adanena poyera kuti mkazi ali ndi ufulu wovala chimene akufuna.

Nthawi imeneyo ankati taonetsa kwambiri. Lero kwa mnzathu wa Chisilamu akuti wabisa kwambiri. Mwaona? Wolamula ndi yemweyo, wolamulidwa ndi yemweyo, changosintha ndi kutalika kwa nsalu. Ndipo musanamizidwe kuti dzanja likazolowera kukoka nsalu ya mkazi limasankha. Likamaliza nikabu lidzabwerera ku siketi yanu pa depoti.

Dziko lino lalawapo kale mkangano wotere, ngakhale unali wa hijabu, mpango wophimba tsitsi ndi khosi nkhope ili poyera. Mu Novembala 2019, pa sukulu ya pulayimale ya M'manga ku Balaka, yomwe ndi ya mpingo wa Anglican, atsikana ovala hijabu adakanizidwa kulowa m'kalasi. Akhristu ndi Asilamu adamenyana, katundu adawonongeka, sukulu idatsekedwa. Chaka chotsatira ku Mpiri, m'boma la Machinga, ofesi ya mphunzitsi wamkulu idatenthedwa pa nkhani yomweyo. Zidatengera bungwe la Public Affairs Committee kukhazika pansi mbali zonse, mpaka mu Juni 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu adasainirana pangano lolola hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifomu. Pa nthawi yonseyo akuluakulu akukokanakokana, amene adataya masiku a sukulu anali ana, ndipo amene ankalozedwa chala anali atsikana. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo udzuwo nthawi zonse umakhala ife.

Tsono tiyeni ku chitetezo, chifukwa sitikuchipeputsa. Zigawenga zakhala zikupha anthu ku Cabo Delgado, kwa anansi athu a ku Mozambique, kuyambira mu Okutobala 2017, ndipo ambiri mwa ophedwa ndi othawa kwawo ndi Asilamu omwe. Mantha alipo ndipo ndi omveka. Funso n'lakuti kodi kuletsa nikabu kumateteza? Dziko la Chad lidayesa. Mu Juni 2015 mabomba ataphulika ku N'Djamena, boma lidaletsa zophimba nkhope. Mwezi wotsatira, chiletsocho chilipo kale, mwamuna wina adadzibisa m'zovala za amayi zomwezo n'kukadziphulitsa pamsika waukulu wa mzindawo. Chigawenga sichiopa lamulo la kavalidwe. Amene adaliopa ndi mayi wosalakwa wopita kukagula ndiwo, amene tsopano ankalipira mlandu wa mwamuna.

Ku France adaletsa kuphimba nkhope poyera mu 2010, lamulo n'kuyamba kugwira ntchito mu Epulo 2011, chikhalirecho amayi ovala nikabu m'dziko lonselo anali pafupifupi 2,000 okha. Nkhaniyi idafika ku khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu mu 2014. Khotilo lidalola lamulolo kukhalapo, koma pa chifukwa china. Pa za chitetezo lidati kuletsa paliponse n'kopyola muyezo, chifukwa n'zokwanira kulamula munthu kuonetsa nkhope pamene pali chiopsezo chenicheni kapena pakufunika kutsimikiza kuti ndi ndani. Mu 2018 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idapeza kuti France idaphwanya ufulu wa amayi awiri omwe adawalipiritsa chindapusa chifukwa cha nikabu. Ngati ngakhale kumeneko mfundo ya chitetezo idalephera kuima payokha, ife tikuithamangira chifukwa chiyani?

Ndipo tisapite kutali. Mu Ogasiti 2020 boma lathu lidalamula kuti aliyense avale masiki poyera chifukwa cha Covid-19, wokana alipire K10,000. Mzinda wonse wa Mzuzu, kuyambira ku Luwinga mpaka ku Mchengautuwa, unkayenda maso okha ali panja. Tinkalowa choncho m'banki, m'chipatala, m'mashopu. Wofuna kukuzindikira ankangoti tatsitsani pang'ono, watsitsa, waona, basi. Dziko silidagwe. Lero lomwe, mu Juni kuzizira kwa kuno kukaluma, anthu amakulunga sikafu mpaka pamphuno. Wa kabaza ya njinga yamoto akavala chipewa chake chophimba mutu wonse timamuyamikira kuti akutsata lamulo. Anyamata a zipewa zokokera kumaso ndi magalasi akuda ali mbwee pamsika wa Zigwagwa. Onsewa nkhope zawo sizioneka. Nanga bwanji nsalu imasanduka yoopsa pokhapokha ikakhala pankhope ya mkazi wa Chisilamu?

Malo ofunika kuona nkhope alipo, ndipo sitikutsutsa. Pojambulitsa chiphaso cha unzika kapena pasipoti, polemba mayeso, potenga ndalama pa kauntala ya banki, povota, pachipata cha dziko, pa rodibuloko apolisi akakhala ndi chifukwa. Pamalo amenewa aliyense aonetse nkhope, wa masiki, wa chipewa, wa sikafu, wa nikabu. Kwa wa nikabu pangofunika wogwira ntchito wamkazi ndi kamalo kapambali, mphindi imodzi yatha. Si zachilendo ayi. Malamulo athu a milandu amanena kale kuti mkazi akafunika kusechedwa, amuseche ndi mkazi mnzake mwaulemu. Ngati ofesi ilibe mlonda wamkazi, vuto ndi la ofesiyo, ilembe ntchito akazi. Atsikana osowa ntchito tadzaza tauni ino.

Malamulo aakulu a dziko lino ali kumbali imeneyi. Gawo 20 limaletsa tsankho, kuphatikizapo la chipembedzo ndi la kuti ndiwe mkazi kapena mwamuna. Gawo 33 limapereka ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. Gawo 44 limati ufulu ungachepetsedwe pokhapokha pali lamulo, chifukwa chake n'chomveka, ndipo n'chofunikadi m'dziko la demokalase. Kunyansidwa kwa munthu ndi chovala cha mnzake sikukwana pamenepo. Makhoti athu aonetsa kale njira: mu Meyi 2023 Jaji Zione Ntaba wa khoti lalikulu ku Zomba adagamula kuti n'kulakwa kukaniza ana a Chirasta sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo lopotana. Lamulo la kavalidwe likatsekera gulu limodzi panja chifukwa cha chikhulupiriro, limagwa.

Tikudziwa funso limene lili pakamwa pa ena mwa inu: nanga ngati akumukakamiza? Funso labwino, ndipo yankho lathu silisintha. Mwamuna, bambo, mlongo kapena mtsogoleri wa chipembedzo wokakamiza mkazi kuphimba nkhope ndi wankhanza, ndipo tidzamutsutsa monga timatsutsira a Taliban omwe mu Meyi 2022 adalamula amayi a ku Afghanistan kuphimba nkhope, monga tidalirira Mahsa Amini yemwe adamwalira ali m'manja mwa apolisi a ku Iran mu Seputembala 2022 atamugwira pa nkhani ya mpango. Wokuveka mokakamiza ndi wokuvula mokakamiza onse sanakufunse.

Koma taganizani bwino za mtsikana wokakamizidwayo. Boma likaletsa nikabu, mukuganiza kuti womukakamizayo anena kuti chabwino, vula upite? Ayi. Amuuza kuti khala pakhomo. Sapitanso ku koleji, ku sikelo sapita, geni yake yatha, ndipo tsiku lomwe wamenyedwa aopa kupita kupolisi chifukwa iye mwini wasanduka wophwanya lamulo. Mwati mukumumasula, koma mwamutsekera m'nyumba ndi womuzunza. Ndipo yemwe wavala mwa kufuna kwake, chifukwa cha chikhulupiriro chake, mwamulanda chisankho chomwe inu mumachiteteza mukavala kabudula wanu Loweruka.

Enafe sitingavale nikabu ngakhale mutatilipira. Ngakhale pakati pa Asilamu eni ake, ambiri savala ndipo amasiyana maganizo ngati ili yofunika. Mkangano umenewo ndi wawo, makamaka amayi awo, ndipo ali ndi pakamwa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'Malawi. Kuno kumpoto ndi ochepa, ndipo ovala nikabu ndi ochepetsetsa. Mtsikana wotero akakwera minibasi ya ku Katoto amakhala yekhayekha, maso onse ali pa iye. Kondakitala akayamba kumuseka kuti ninja, inu muli pampando womwewo, mumatani? Kukhala chete kwanu ndi komwe kunali kwa anthu aja ankaonerera amayi akuvulidwa mu 2012.

Zimene tikufuna ndi izi. Mabanki, masukulu, makoleji, zipatala ndi mashopu a mu Mzuzu alembe poyera malamulo awo a kuonetsa nkhope, akhale ofanana kwa onse, ndipo asasiyire mlonda wa pageti kuti aganize yekha. Pakhale wamkazi woona nkhope ya mkazi mnzake pambali. Aphungu ndi makhansala athu asadzayerekeze kubweretsa lamulo lotchula chovala cha chipembedzo chimodzi. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, pangano la 2021 lija lidaonetsa kuti mukhoza kumvana. Ulendo uno amayi akhale nawo patebulo. Ndipo aliyense wogwira chovala cha mkazi popanda chilolezo, kaya ndi nikabu, kaya ndi siketi, akayankhe kupolisi.

Inu asisi a Chisilamu amene mumatiwerenga, ovala nikabu ndi osavala, malo a ndemanga ndi anu lero. Tiuzeni zimene mumakumana nazo pageti, m'kalasi ndi pakhomo pomwe. Enafe timvetsere kaye. Wobwera kudzanyoza chipembedzo cha wina timuchotsa, mwamva kale. Tumizirani mnzanu uja amati nkhaniyi siyikumukhudza.