Asilikali a Patebulo Si Zidole za Ana

Akale adati safunsa adadya phula. Mwambi umenewu kawirikawiri umaponyeredwa ana, koma masiku ano ukuwakhala bwino akuluakulu ena. Iwo akamva kuti mdzukulu wawo wa ku Britain kapena ku Johannesburg amatha madzulo onse akupaka utoto tiasilikali ta mtovu ndi kumatiyendetsa patebulo, amangopukusa mutu ndi kugamula mlandu asanaumve. Ati munthu wa ndevu zake sasewera ndi zidole. Ati madayisi ndi njuga. Ati nkhondo ya azungu ya m'zaka za m'ma 1700 ilibe nawo ntchito ana a kuno. Milandu itatu yonseyi ndi yopanda mutu, ndipo mlandu weniweni umene masewerawa ali nawo oweruzawo sadauone n'komwe.

Wotsutsa chinthu ayambe wachidziwa. Patebulo lalikulu, kawirikawiri la mafiti 6 m'litali ndi mafiti 4 m'lifupi, amayalapo nsalu yobiriwira n'kuikapo tinyumba, timitengo, mipanda ya miyala, msewu ndi mtsinje. Tiasilikalito, ta mtovu kapena ta pulasitiki, timatalika mamilimita pafupifupi 28, ndipo mwini wake amatipaka yekha utoto kamodzikamodzi ndi kaburashi kosongoka: tina majekete ofiira a asilikali a Mfumu George III, tina zovala za kumunda za alimi a ku Massachusetts. Mtunda woyenda gulu lililonse amauyesa ndi rula, zotsatira za kuombera amazipeza ndi madayisi, ndipo zonse zimatsata buku la malamulo. Makampani otchuka opanga tiasilikali totere, monga Perry Miniatures ndi Warlord Games, ali mumzinda wa Nottingham ku England.

Za ubwana zija siziyenera kutayirapo nthawi yambiri. Agogo amene amaseka tiasilikali ndi omwewo amene amaswera patsinde pa mtengo wa mango atazinga bawo: maenje 32, njere 64, kudyerana njere, kutcherana misampha, kuwerengera m'mutu kumene dzanja likagonere. Palibe adanenapo kuti nyakwawa yosewera bawo yabwerera ku ubwana. Ndipo ngakhale akadakhala masewera a ana, kodi ubwana udayamba liti kukhala wopanda phunziro? Kumasanje ndi kumene atsikana ankaphunzira kuphika ndipo anyamata kumanga nyumba. Akuluakulu a nkhondo a ku Prussia sadachite nazo manyazi: mu 1824 adalandira masewera a pamapu otchedwa Kriegsspiel, amene adakonzedwa ndi Georg von Reisswitz, n'kumaphunzitsira atsogoleri a asilikali awo. M'masewera amenewo mudali madayisi ndithu.

Madayisiwo ndiwo amautsa mapiri pachigwa. Njuga ndi pamene ndalama ichoka m'thumba la wina kupita m'thumba la mnzake popanda thukuta, koma patebulo la nkhondo sabetcherana ngakhale tambala. Madayisi ali ndi ntchito ina, ndipo amene angaimvetse msanga ndi agogo omwewo, ngati adaonapo mfuti ya gogodera. Mfuti ya asilikali a Britain m'nthawi imeneyo, imene ankaitcha Brown Bess, idali gogodera weniweni. Msilikali ankaluma kapepala ka onga, kuthira pang'ono m'kambale ka pambali, kutsanulira wotsalawo mumpope pamodzi ndi chipolopolo cha mtovu, kenaka kusinja ndi kachitsulo kakatali. Wozolowera ankaomba katatu pa mphindi imodzi. Mpope wake udali wosalala m'kati, kotero kuti chipolopolo chikapitirira mayadi 100 chinkangopita kumene chafuna. Kamwala koyatsira moto nthawi zina kankakana, onga ukanyowa ndiye basi, ndipo utsi woyera unkaphimba bwalo lonse moti munthu samamuonanso mdani wake. Masewera amene chipolopolo chilichonse chimalasa akadakhala abodza. Dayisi ndiye kamwala kokana kaja, ndiye utsi uja, ndiye dzanja lonjenjemera la mnyamata amene sadaomberedwepo chibadwire.

M'malamulo ena otchedwa Sharp Practice, amene adatuluka koyamba mu 2008, ngakhale kulamula kwenikweniko sikuli m'manja mwa wosewera kotheratu. Mtsogoleri aliyense ali ndi khadi lake, ndipo amalamula pokhapokha khadilo likatuluka. Palinso khadi limodzi limene likatuluka limadula zonse, ngakhale magulu ena asanasunthe phazi. Gulu likaomberedwa sawerenga akufa okha, amaliunjikiranso zizindikiro za mantha, ndipo mantha akachuluka gululo limakana kupita patsogolo, kenaka n'kubalalika anthu ake ambiri adakali moyo. Mwana amene wasewera zimenezi katatu amadziwa chinthu chimene mafilimu samuuza: nkhondo zambiri zidatha chifukwa anthu adataya mtima, osati chifukwa adatha psiti.

Tsono nkhondo yeniyeniyo. Usiku wa pa 18 Epulo 1775, General Thomas Gage adatumiza asilikali pafupifupi 700 kuchokera ku Boston, motsogozedwa ndi Francis Smith, kuti akawononge zida ndi onga zimene anthu adabisa m'tauni ya Concord, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Chinsinsi chidaululika. Paul Revere ndi William Dawes adathamanga pa akavalo usiku womwewo kuchenjeza midzi, mabelu a matchalitchi adalira, ndipo m'bandakucha wa pa 19 Epulo asilikali a patsogolo, pansi pa John Pitcairn, adapeza amuna pafupifupi 77 ataima pabwalo la mudzi wa Lexington ndi kaputeni wawo John Parker. Mfuti ina idalira, ndipo pambuyo pake mbali iliyonse idaloza inzake chala. Aamereka asanu ndi atatu adafa, khumi adavulala.

Nkhondo ndi anansi, adatero akale, ndipo pabwalo limenelo mwambiwu udapherezera. Oomberanawo ankayankhula chiyankhulo chimodzi, ankawerenga Baibulo limodzi, ndipo m'mawa umenewo onse adali anthu a mfumu imodzi. Chikalata cholengeza ufulu wa America chidadzabwera patapita chaka ndi miyezi, mu Julayi 1776. Chidawayambanitsa ndi msonkho ndi funso lakuti woyenera kulamula ndani, nkhani zimene mudzi uliwonse umazidziwa.

Ku Concord asilikali adapeza zochepa, chifukwa zambiri zidali zitasamutsidwa. Pa mlatho wa North Bridge amuna a m'midzi pafupifupi 400 adakumana ndi asilikali pafupifupi 100, ndipo asilikali a mfumu ndiwo adathawa. Chamasana ulendo wobwerera ku Boston udayamba, ndipo apa ndi pamene tebulo limaphunzitsa zimene nthano yotchuka imabisa. Nthanoyo imati Aamereka ochenjera adabisala kuseri kwa mitengo n'kumatola Angelezi opusa amene ankangoguba pamsewu atavala zofiira. Woika tiasilikali patebulo amaona msanga kuti sizidali choncho. Asilikali a Britain ankatumiza timagulu m'mbali mwa msewu kuti tikazembere obisalawo chakumbuyo, ndipo mlimi woyandikira kwambiri mpanda wa pamsewu ankafa ndi mpeni wa kunsonga kwa mfuti asanathirenso onga. Wosewera mbali ya Aamereka amagwa m'vuto lomwelo: akaima patali zipolopolo zake sizilasa, akayandikira amazingidwa. Wosewera mbali ya Britain naye alibe mtendere, pakuti timagulu ta m'mbali timatopa msanga podumpha mipanda, ndipo akaima kuti amenyane bwino adani amangochulukirachulukira pamene onga wake ukutha.

Asilikali a Smith adafika ku Lexington atatheratu, ndipo chidawapulumutsa ndi Hugh Percy amene adabwera ndi amuna pafupifupi 1,000 ndi mizinga iwiri. Kumenyana koopsa kudachitikira m'mudzi wa Menotomy, umene lero ndi Arlington, kumene ankalimbana nyumba ndi nyumba. Pafupifupi theka la onse amene adafa tsikulo adafera kumeneko. Komweko nkhalamba ya zaka 78, Samuel Whittemore, idaombera asilikali ili kuseri kwa mpanda, iwo n'kuiombera kumaso, kuibaya kangapo ndi kuisiya poganiza kuti yafa. Idachira, n'kudzamwalira mu 1793. Galu wamkota sakandira pachabe. Pofika madzulo Britain idali itataya amuna 73, ena 174 atavulala, pamene Aamereka adafa 49. Amuna a m'midzi amene adaombera nawo tsikulo adali pafupifupi 4,000. Mdzukulu wodziwa masamu ayerekeze yekha chiwerengero chimenechi ndi cha olasidwa, ndipo adzaona chifukwa chake dayisi limakana kawirikawiri kuposa kuvomera.

Ena amati masewera otere amakometsa nkhondo. Mlembi wa ku England H. G. Wells, amene adasindikiza malamulo ake a tiasilikali m'buku la Little Wars mu 1913, ankaganiza mosiyana: ankati munthu akaona chisokonezo cha nkhondo yaing'ono ya pansi m'chipinda adzazindikira uchitsiru wa nkhondo yaikulu. Chaka chotsatira nkhondo yaikulu idabuka, choncho mankhwala ake sadachize dziko. Komabe pali kusiyana pakati pa mnyamata amene wapaka utoto tiasilikali 24 kwa mwezi wathunthu n'kuona theka lake likuchotsedwa patebulo chifukwa cha lamulo limodzi lopupuluma, ndi mnzake wa masewera a pafoni amene akafa amadzuka pompo n'kupitiriza kuombera. Makolo amene amalekerera foni n'kumalimbana ndi kaburashi asokoneza mdani.

Mlandu weniweni uli kwa osewera eni ake. Ambiri a iwo angathe kukangana mpaka tambala woyamba za mtundu wa nsalu ya m'khosi mwa jekete kapena kuchuluka kwa mabatani, koma pamzere wonse wa tiasilikali tawo palibe nkhope yakuda ngakhale imodzi. Kumeneku si kulakwitsa utoto chabe, ndi kunamiza mbiri. Mu 1775 ukapolo udali wololedwa m'madera onse 13 amene adaukira mfumu, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse adali kapolo. Pakati pa amuna a Parker pabwalo la Lexington padali Prince Estabrook, munthu wakuda amene adali kapolo, ndipo adali mmodzi mwa khumi ovulala aja. Adakhetsa mwazi m'mawa woyamba wa nkhondo ya ufulu iye mwini alibe ufulu. Mu 1778 dera la Rhode Island lidalemba akapolo usilikali powalonjeza kuwamasula.

Mbali inayo nayo idali ndi anthu akuda, mwinanso apa ndi pamene nkhani imawawa kwambiri. Mu Novembala 1775 Lord Dunmore, bwanamkubwa wa Virginia, adalengeza kuti akapolo a anthu oukira amene angathawire kwa mfumu ndi kumenya nkhondo adzamasulidwa. Asatamandidwe msanga: iye mwini adali ndi akapolo, ndipo lonjezolo silidakhudze akapolo a anthu omvera mfumu. Chidali chida cha nkhondo, osati chifundo. Komabe mazanamazana adathawa n'kupanga gulu lotchedwa Ethiopian Regiment, ndipo ambiri a iwo adaphedwa ndi nthomba, osati chipolopolo. Njovu ziwiri zikamamenyana umavutika ndi udzu, koma udzu uwu udali ndi maso ndi nzeru, ndipo munthu aliyense ankayesa yekha kumene ufulu udali pafupi. Harry Washington, kapolo wa George Washington weniweniyo, adathawira kwa Angelezi mu 1776. Nkhondo itatha mu 1783, iye pamodzi ndi anthu akuda pafupifupi 3,000 adatengedwa pa zombo kuchoka ku New York, ambiri kupita ku Nova Scotia, kumene adapeza chisanu, nthaka yamiyala ndi malonjezo osakwaniritsidwa. Mu 1792 pafupifupi 1,200 a iwo adaoloka nyanja kupita ku Sierra Leone n'kukhazikitsa mzinda wa Freetown, Harry Washington ali m'gulumo.

Nanga amene amati nkhondoyi ndi ya azungu okhaokha anena chiyani? Mfuti zimene zidalira ku Lexington zidathera pomanga likulu la dziko la mu Africa. Akapolo a ku America ambiri adachokera kumadzulo kwa Africa, ndipo njira ya ukapolo imene idadutsa pa Nkhotakota idali ina, yolowera kum'mawa. Ngakhale zili choncho, mdzukulu wa dziko limene lidaona magoli sayenera kuyala tebulo lake ngati kuti nkhani imeneyi sakuidziwa. Agogo ofuna kudzudzula adzudzule pamenepa, ndipo kudzudzula kwawo kudzakhala ndi mano. M'malo mofunsa kuti adzasiya liti zidole, amufunse kuti Estabrook ali pati pamzerewo.

Kukonza kwake sikulira ndalama. Amuna a Parker adalibe yunifolomu, choncho kamsilikali kalikonse ka chipewa cha ngodya zitatu ndi jekete la kumunda kangakhale iye. Chofunika ndi kadontho ka utoto woderapo pankhope ndi m'manja, dzina lolembedwa kunsi kwa kathabwa koimikapo, ndi malo ake pakati pa amuna 77 aja, moyang'ana msewu wochokera ku Boston.