Msewu suona imvi kapena unyamata

Pamsewu wa M3, pakati pa Liwonde ndi Mangochi, anyamata ena a kabaza amangophunzira njinga yamoto kwa anzawo, n'kuyamba kunyamula anthu. Nawo madalaivala achikulire amadalira zaka zawo pachiwongolero, chonsecho maso akuchepa mphamvu ndipo nyali za galimoto zina zimawathobwa usiku.

Onsewa akufunika kuphunzira. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene imayendabe mutaponda buleki umawirikiza kanayi.

Makolo, musapereke kiyi kwa mwana wopanda laisensi ndi chipewa choteteza mutu. Inunso ana, perekezani bambo akapimitse maso. Chikondi chenicheni ndi chimenecho, pakuti moyo wa wokwera aliyense umasungitsidwa m'manja mwa woyendetsa.