Kabanga koyera pa dzino: kodi kangachizidwe osaboola?

Mwana wa ku Lobi, kumapiri a Dedza, akamafika kuchipatala atagwira tsaya, nthawi zambiri dzino limakhala litafumbwa kale, chotsala n'kuzula basi. Komatu vutoli limayamba ndi kabanga koyera ngati choko pafupi ndi nkhama. Apo asidi wa tizilombo todya shuga wayamba kusungunula chikuto cholimba cha dzino, koma bowo lisanatseguke.

Njira ya Icon, yomwe kampani ya DMG ya ku Germany inatulutsa mu 2009, imachiza pa msinkhu umenewu. Dokotala amapaka asidi kwa mphindi ziwiri, n'kuumitsa, kenako kuthira utomoni wamadzimadzi womwe umalowa m'timing'alu n'kulimbitsidwa ndi kuwala. Saboola, ndipo kawirikawiri sabaya jakisoni. Bowo likatseguka, njirayi sithandizanso.

Apa ndiye pali nkhani: ndani adzaona kabangako msanga? Dziko lino linayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019, ndipo ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Utomoniwu ngwodula, wochokera kunja. Ku Lobi chotheka lero n'kuyang'ana mano a ana, kuchepetsa maswiti, ndi kutsuka kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, osachukucha ndi madzi mukalavula.